Musanagule kamera, yambani mwayesa kukhala phee

Zikomo achimwene. Mwati mwapuma pa ntchito ya uphunzitsi, muli konkuno ku Zomba, ndipo mukufunsa kamera yoti mugule kuti muzijambula mbalame ndi nyama zakutchire. Inenso ndinayamba zimenezi nditapuma ntchito, ndiye ndiloleni ndiyankhulepo.

Ndalama ya penshoniyo isakuyabweni m'manja. Miyezi itatu yoyamba ingogwiritsani ntchito foni yanuyo. Muzilawirira ku Botanical Gardens, m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, dzuwa likungotuluka kumene, mupeze pokhala, mukhale chete ola lathunthu. Mukaona kuti mtima ukufuna kubwerera kunyumba kukamwa tiyi, dziwani kuti ndalama yanu yapulumuka. Mbalame si mwana wasukulu woti mungamuuze kuti aime apo.

Mtima ukakhazikika, gulani kamera yogwirapo kale ntchito, ya Canon kapena Nikon, zilibe kanthu. Ndalama yambiri ipite ku lenzi (galasi lakutsogolo kwa kamera), yosachepera 300mm, apo ayi nkhwazi idzangooneka ngati kadontho. Mbalame ikamauluka, liwiro la shutter (kachitseko kolowetsa kuwala mu kamera) likhale 1/1000 ya sekondi kapena lothamanga kuposerapo. Zinazo mudzaphunzira polakwitsa.

Chimene anzathu a ku Lilongwe sangakuuzeni ndi nkhani ya nkhungu, ndipo kuno tili nazo ziwiri. Ya chiperoni, mu June ndi July, ndi bwenzi lanu: ikamayandama pamwamba pa damu la Mulunguzi kapena pa mathithi a Williams, chithunzi chimadzikongoletsa chokha. Inayo ndi ija imamera pa nsima yogona, ndipo imameranso m'kati mwa lenzi nthawi yadzinja. Yanga yoyamba ndinaisiya m'chikwama m'kabati mwezi wonse wa February, potulutsa ndinapeza galasi layala ngati ukonde wa kangaude. Ndinadandaula ngati ndaferedwa mbuzi. Panopa ndimasunga zonse m'chigoba chotsekeka bwino, pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi ta silica gel tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano.

Mu September ndi October musavutike kukwera ku Emperor's View pa phiri la Zomba, paja panaima mfumu ya ku Ethiopia Haile Selassie mu 1965. Utsi wa moto wolusa umaphimba zonse, Mulanje osaoneka, nyanja ya Chilwa osaoneka. Dikirani mvula yoyamba itsuke mlengalenga. Ndipo mukakhala m'phirimo kamba wanu muzibisa, anyani ake ulemu alibe.

Kwa ine kwa mbalame kwenikweni ndi ku Chilwa, kulowera ku Kachulu. Nyanjayi inalowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa wa Ramsar chifukwa cha mbalame zam'madzi zomwezi: akakowa, atsekwe, avuwo. Koma ndi nyanja yosaya, imaphwa (mu 1995 inaumiratu), ndiye muziyamba mwafunsa za madzi musanawononge mafuta. Gwirizanani ndi mwini bwato za mtengo musanakwere, ndipo msodzi musamuloze ndi kamera musanapemphe.

Ku Liwonde mupiteko dzanja litazolowera. Chitengereni pakiyo a bungwe la African Parks mu 2015, anabweretsamo akakwiyo mu 2017 ndi mikango mu 2018, koma musayembekeze kuti mukaiona tsiku loyamba. Njovu, mvuu ndi ng'ona za mu Shire zokha zikudzazirani memory card.

Loweruka likubwerali ndikhala ku damu cha m'ma 6 koloko m'mawa. Mukafuna bwerani mudzagwireko kamera yangayi, mumve kulemera kwake pakhosi. Musaiwale juzi.