Yankho kwa asuweni pa nkhani ya Sarafina

Asuweni, funso lanu ndaliona, ndipo ndasankha kuyankha ndi pakamwa chifukwa kulemba kunganditengere usiku wonse. Mwafunsa ngati filimu ya Sarafina ndi yoyenera kuti ana anu aionere, popeza aphunzitsi awo ku Johannesburg kuno... pepani, kumeneko, awauza kuti aionere lisanafike tsiku la 16 Juni, lokumbukira kuukira kwa ophunzira a ku Soweto. Inuyo amene munaloweza nyimbo zonse za m'filimuyo, n'kumavina pabwalo la agogo mutamanga tayi ya amalume, lero mukufunsa ine ngati ndi yoyenera? Ndimakudziwani, asuweni. Chimene chikukusowetsani tulo si magazi ayi.

Magaziwo alimo ndithu. Asilikali akuwombera ana pasukulu, mphunzitsi amene Whoopi Goldberg anamusewera akumangidwa ndipo sabweranso, ndipo ana akuzunzidwa m'ndende. Koma ana anu amaphunzira kale kuti mu 1976 ophunzira a ku Soweto anakana kuphunzitsidwa m'chinenero cha Afrikaans, ndipo chithunzi cha Hector Pieterson wa zaka 12, chimene anajambula Sam Nzima, anachiona m'mabuku awo. Pamenepo palibe chachilendo kwa iwo.

Ndikufuna ndikukumbutseni za amalume, bambo anu, tsiku lija tinawakakamiza kupita nafe ku vidiyo pamsika. Filimuyo inatuluka mu 1992, koma tepi yake inafika kwathu referendamu ya 1993 itadutsa, ndipo nthawi imeneyo dziko lathu linalibe wailesi yakeyake ya kanema, choncho aliyense ankathinana m'kanyumba kaja ka mabenchi, jenereta ikulira kuseri. Anthu sankaonera mwakachetechete. Apolisi akalowa m'kalasi, wina kumbuyo ankakuwa kuti apayoniya afika, ndipo anthu ankavomereza ndi mtima wonse, chifukwa kalata ya maepiskopi ndi zipolowe za mu Meyi 1992 ku Blantyre zinali zisanazizire m'mitima. Nyimbo ikayamba, amayi ankalulutira. Ambiri sankamva Chingelezi, koma panalibe amene ankafuna womasulira.

Kenako panafika pamene ana aja anagwira wapolisi wachikuda uja, Sabela, amene ankamusewera Mbongeni Ngema mwini wake wa sewerolo, n'kumuthira petulo. Nyumba yonse inaimirira. Anthu ankaomba m'manja, anyamata akuimba mluzu, ndipo ena ankauza wa vidiyo kuti abweze tepi aonenso. Amalume anangotenga chipewa chawo pabondo, anachivala, n'kutuluka. Inu munakhalira momwemo, koma ine ndinawatsatira chifukwa ndinkaganiza kuti chifuwa chija chawayambanso.

Ndinawapeza atakhala pakhonde la telala. Kwa kanthawi sanalankhule, kenaka anandifunsa ngati ndikudziwa kuti malata a nyumba yathu anachokera kuti. Anapita ku Joni ndi Wenela... ayi, ndikonze, Wenela, bungwe lija lolemba anthu ntchito za m'migodi, inali ulendo wa agogo aamuna. Kamuzu anaimitsa ulendowo mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi opitirira 70 amene ankabwerera kumudzi, ndipo pamene anatsegulanso mu 1977 dzina linali litasintha kukhala Theba. Amalume anapita ndi Theba, chaka chimene azakhali anabwerera ku ukwati kuja. Ndiye kuti anafika Soweto itangopsa kumene.

Anandiuza kuti mu komponi nkhani za ana aja zinkamveka monong'ona, ndipo anzawo a kumeneko sankawakhulupirira Amalawi, chifukwa ankadziwa kuti boma lathu linali pa ubale ndi boma la Mabunu kuyambira 1967, ndiponso kuti Kamuzu anakacheza kumeneko mu 1971. Iwowo ankatsika mu mgodi m'mawa uliwonse, ankamvera kapitawo wachizungu, ankasunga chitupa chawo m'thumba la pachifuwa, ndipo sanaponyepo mwala ngakhale umodzi. Anati sakumuikira kumbuyo wapolisi uja, chifukwa anali munthu wankhanza amene ankamenya ana a eni ake. Koma pamene anthu ankaomba m'manja, iwo anadzifunsa kuti ana amenewo akanakumana nawo panjira atavala jombo za mgodi, akanawaika mbali iti? Funso limenelo analibe yankho lake, ndipo ndikhulupirira kuti anamwalira nalo.

Chimene chinandikhudza n'chakuti anabwereranso okha tsiku lina kukamaliza filimuyo. Atabwerako sanatchule za mfuti kapena za moto. Ankangonena za Miriam Makeba, amene ankasewera ngati mayi wa mtsikana Sarafina, mayi amene amagwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu, kulera ana a eni ake pamene ake akukula okha ku Soweto. Mwana wake amamunyoza poyamba kuti ndi wantchito wogonjera, koma atatuluka m'ndende amabwerera kwa iye atazindikira kuti mayiyo ndiye ankasenza banja lonse. Amalume anati munthu amene analemba zimenezo ankawadziwa anthu ngati iwo.

Tsopano ndifike pa inu. Ine ndikuona kuti mukuopa funso limene mkulu uja adzakufunsani filimu ikatha, chifukwa mwana ameneyo anatengera pakamwa panu. Adzafunsa kuti agogo ake anali kuti nthawi imeneyo, nanga Amalawi anachitapo chiyani, ndipo mwina kusukulu ena amamuuza kale kuti si wa kumeneko. Anthu a kumeneko akamaonera filimuyi amaona abale awo ndi misewu yawo, ndipo ena amalira chifukwa anali m'makalasi omwewo. Ana anu adzaionera ataima pakati, monga anaimira amalume, ndipo si bwino kuti aime pamenepo okha.

Choncho aonetseni, koma mukhale nawo pampando, ndipo muwauze za agogo awo zonse, za Theba, za chitupa ndi za kutuluka mu vidiyo kuja. Musawakometse kuti anali omenyera ufulu, chifukwa iwo eni sanadzitchepo choncho, komanso musawachititse manyazi, chifukwa sukulu imene inu ndi ine tinaphunzira inalipiridwa ndi ndalama za mu mgodi umenewo. Akadzafika pa moto paja, imitsani pang'ono muwafunse zimene akuganiza musanawauze zanu.

Ndikubwereza, asuweni, musawasiyire foni n'kupita kukhitchini monga mwa chizolowezi chanu. Mukhale nawo ndipo muwauze za bambo anu. Wamng'onoyo mungathe kumugoneka msanga, koma mkuluyo aone mpaka kumapeto. Chitupa cha amalume chikadali mu sutikesi ija kwa azakhali, ndipo ndikapitako Loweruka ndikachijambula n'kuchitumiza pagulu pano kuti anawo achione.