Ndisiye ntchito kuti nditsegule shopu yachiwiri? Yankho kwa bambo wa ku Chilomoni

Bambo wina wa ku Chilomoni watilembera pa imelo. Akuti amagwira ntchito pa kampani ina ku Makata kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo ali ndi shopu ya hadiweya ku Ndirande yomwe mlamu wawo amagulitsamo. Loweruka lonse ndi Lamlungu masana amakhala pashopupo. Tsopano akufuna kusiya ntchito n'kutsegula ina ku Lunzu, koma mayi akunyumba akudandaula kuti ana akukula osawadziwa bambo awo. Akufunsa ngati munthu angasake chuma n'kukhalabe ndi nthawi yopuma, kapena chimodzi chiyenera kutayika basi.

Bambo, musasiye kaye ntchito, ndipo za ku Lunzu zidikire. Sitikutero poopa bizinesi ayi. Vuto ndi lakuti shopu yomwe muli nayo kaleyi siyinafike poyenda yokha inu kulibe, ndipo umboni wake ndi Loweruka ndi Lamlungu lanu lomwe ikudya.

Tiyambe ndi maola, chifukwa ambiri amawerenga ndalama zokha. Lamulo la Employment Act la 2000 limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata. Opitirira apo ndi ovataimu yolipidwa kamodzi ndi theka, ndipo pa tsiku lopuma kapena la holide malipiro amakhala kawiri. Wogwira masiku asanu pa sabata ali ndi tchuthi cha masiku 15 pachaka akulandira malipiro, wogwira masiku asanu ndi limodzi ali ndi 18. Mwini shopu alibe chilichonse mwa izi. Hadiweya yotsegula 7 koloko m'mawa n'kutseka 6 koloko madzulo, Lolemba mpaka Loweruka, ndi maola 66. Muwonjezere kukaoda katundu ku Limbe, kuthamangitsa angongole, kuwerenga ndalama usiku ndi theka la Lamlungu, mufika pa 75 mosavuta.

Tiyerekeze kuti kuntchito mumatenga K600,000 pamwezi msonkho atadula, pa maola 40 pa sabata. Ola limodzi likukupatsani pafupifupi K3,500. Tiyerekezenso kuti mwasiya, ndipo shopu ikukusiyirani K900,000 pamwezi pa maola 75 pa sabata. Ola limodzi latsika kufika pafupifupi K2,800. Ndalama m'thumba zachuluka, koma nthawi yanu mwaigulitsa motchipa. Apo sitinawerengere penshoni, yomwe lamulo limati olemba ntchito aziikapo 10 peresenti ya malipiro pamwamba pa 5 peresenti yanu, kapena sikimu ya chipatala ngati kampani imalipirako. Ikani manambala anu enieni m'malo mwa athuwa muone pomwe mukugwera.

K900,000 ija nayonso iyang'anitsidwe. Phindu la hadiweya limawerengedwa pa mtengo womwe mukaodere katundu mawa, osati womwe munaodera mwezi watha. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anagulitsa penti, maloko ndi mapaipi pa mtengo wakale anaona ndalama zambiri m'kabati, koma atafika ku holoselo ndalamazo sizinakwane kubweza katundu yemwe anatuluka. Mwini shopu akamadya kusiyana kwa mtengo woodera wakale ndi wogulitsira, amakhala akudya mpamba, ndipo amazindikira mashelefu atayamba kuoneka matabwa. Apa ndi pomwe ambiri amawonjezera maola n'kuchotsa wothandiza, poganiza kuti vuto ndi ulesi.

Tsono nthawi yopuma mu bizinesi imagulidwa, ndipo imagulidwa ndi dongosolo lomwe limayang'anira shopu m'malo mwa maso anu. Chifukwa chachikulu chomwe eni mashopu sachokera pakauntala ndi mantha a kuberedwa, ndipo manthawo ali ndi maziko. Njira zake n'zodziwika. Wogulitsa amakweza mtengo n'kulemba wotsika. Amabweretsa katundu wake, monga mababu, mahinjesi ndi mabulashi, n'kumagulitsa m'shopu yanu, pa lendi yanu, wanu ali phee pashelefu. Misomali yoyeza pa sikelo imatuluka pang'onopang'ono osaoneka. Kasitomala amatumiza ndalama pa nambala ya wogulitsa ya Airtel Money kapena Mpamba. Simenti imaperekedwa pangongole kwa mmisiri wodziwana naye osalemba paliponse.

Iliyonse mwa njirazi ili ndi chotsekera chake. Mitengo ilembedwe pa katundu kapena pa bolodi loti kasitomala aziona yekha. Risiti ikhale ya manambala otsatizana, ya mapepala awiri, ndipo pakhoma palembedwe kuti katundu wopanda risiti sabwezedwa, kuti kasitomala aziitanitsa yekha risitiyo. Ndalama za pafoni zizilowa pa nambala ya bizinesi yomwe uthenga wake umafika kwa inu. Misomali muilongeze okha m'mapepala a theka la kilo ndi kilo imodzi, kuti iziwerengedwa m'malo moyezedwa. Sankhani mitundu 20 ya katundu wothamanga ndi wodula, monga simenti, malata, penti ya malita 5 ndi 20, waya, maloko, ndipo iwerengedwe tsiku lililonse potseka: zomwe zinalipo m'mawa, zolowa, zogulitsidwa, zotsala. Chithunzi cha tsambalo chibwere pa WhatsApp yanu shopu isanakiyidwe. Katundu yense awerengedwe kamodzi pamwezi, tsiku lomwe wogulitsa sakulidziwa. Ngongole avomereze ndi inu nokha. Kuwerenga tsamba la tsiku kumatenga mphindi khumi muli pakhomo panu, pomwe kulondera pakauntala kumatenga Loweruka lonse.

Nkhani ya alamu anu ndi yovutirapo. Sitikuwaganizira choipa. Koma wachibale akasowetsa matumba asanu a simenti, mlandu suthera pashopu. Umafika kwa mayi akunyumba, kwa apongozi, mwinanso kwa ankhoswe, ndipo mumangokhululuka kuti banja lisagwedezeke. Njira yake ndi kuwatenga ngati wantchito weniweni: kalata ya mgwirizano, malipiro a tsiku lodziwika, tsiku lopuma, ndi kachigawo ka phindu katundu akakwanira powerenga. Wachibale wongopatsidwa ya sopo amadzilipira yekha, ndipo mumtima mwake saona ngati akuba.

Palinso china chomwe anthu satchula. Tsiku lomwe kumudzi adzamve kuti mwasiya ntchito ndipo muli ndi mashopu awiri, mudzakhala munthu wa nthawi ndi wa ndalama m'maso mwa onse. Maliro, chinkhoswe, wodwala ku Queens, fizi ya mwana wa achemwali, zonse zidzayambira kwa inu, chifukwa mulibe bwana woti mum'namizire. Dzipatseni malipiro okhazikika ochokera ku shopu, tsiku limodzi pamwezi, ndipo thandizo la abale lizichoka pamenepo. Kabati ya shopu isakhale chikwama cha banja.

Za Lamlungu, yankho lili m'buku la risiti. Tengani miyezi itatu yapitayi muwerenge phindu la Lamlungu masana lokha, osati ndalama zonse zolowa. Makasitomala enieni a hadiweya ndi amisiri, ndipo amagula m'mamawa ntchito isanayambe. Mukapeza kuti masana a Lamlungu amabweretsa phindu losakwana kugula nkhuku imodzi, ndiye kuti mtengo wa tsiku lokhala pakhomo ndi ana mwaudziwa, ndipo ndi wochepa.

Dongosololi likakhazikika, yesani shopu. Khalani milungu iwiri osapondako, ndipo milunguyo idutse pa mapeto a mwezi pomwe malonda amakwera. Muzingolandira tsamba la tsiku ndi mauthenga a ndalama. Pobwerera werengani katundu yense. Akagwirizana ndi mabuku, muli ndi bizinesi. Akapanda kugwirizana, muli ndi ntchito yachiwiri yopanda tchuthi, ndipo shopu ya ku Lunzu idzakhala yachitatu. Mudzakhala pa msewu wa M1 m'mawa ndi madzulo, lendi ziwiri, malaisensi awiri, ogulitsa awiri oti muziwakayikira, kuphatikizapo za MRA: PAYE, msonkho wa pa malipiro a antchito, pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndi VAT pofika pa 25 ngati munalembetsa. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Nthawi zambiri ndalama zotsegulira shopu yachiwiri zimapindula bwino mukazithira mu yoyamba, kuti kasitomala wofuna malata ndi misomali yake asabwerere chifukwa chimodzi chatha.

Kusiya ntchito kumene tingakuvomerezeni ndi kwa pamene shopu yakulipirani, miyezi isanu ndi umodzi yotsatizana, ndalama zofanana ndi malipiro anu kuphatikiza penshoni ndi chipatala, katundu wonse atabwezedwa pa mtengo watsopano. Pambali pakhalenso ndalama zodyera pakhomo za miyezi isanu ndi umodzi, zosakhudzana ndi mpamba komanso zosachokera ku katapila. Nyengo nayo muisankhe. Januwale ndi Febuluwale anthu amakhala pa fizi, feteleza ndi chimanga, mvula imaimitsa zomanga, ndipo hadiweya imagona. Kalata yosiyira ntchito ipite cha mu Epulo kapena Meyi, kuti miyezi yanu yoyamba yopanda salale igwere m'chilimwe, pomwe anthu akuotcha njerwa ndi kufolera nyumba.