Yankho kwa Alamu pa Nkhani ya Anyezi Wamasamba ndi Maluwa a Iris

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko ku Luchenza? Ife kuno ku Chitakale taswera bwino ndithu. Uthenga umene munaika dzulo pagulu la banjali ndaumva, ndipo ndaganiza zoyankhira pomwepa kuti ena amene ali ndi madimba amve nawo. Mwafunsa ngati mungabzale timitu ta maluwa a iris aafupi, tija mwana wakubweretserani kuchokera ku Johannesburg, pabedi limodzi ndi anyezi wanu wamasamba, popeza malo a kuseri kwa nyumba ndi ochepa. Ine ndikupemphani kuti musatero.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi chakuti iris ali ndi poizoni. Munthu akadya kamutu kake kapena masamba ake amamva kupotokola m'mimba, amasanza, mwinanso kutsegula m'mimba, ndipo agalu ndi amphaka nawonso amadwala akatafuna. Tsono masamba a iris wamfupiyu, amene dzina lake la m'mabuku ndi Iris reticulata, ndi owonda, obiriwira ndiponso oimirira, moti mwana amene mwamutuma kukathothola anyezi wa mundiwo dzuwa litalowa sangasiyanitse. Munthu wamkulu akayang'anitsitsa amaona kuti tsamba la anyezi ndi lozungulira ndipo limanunkhira mukalitikita ndi zala, pamene la iris lili ndi ngodya zinayi ndipo lilibe fungo la anyezi. Kamutu ka iris kamakutidwa ndi khungu lolukanalukana. Koma kunyumba kwanu kuli adzukulu ang'onoang'ono, ndipo si bwino kudalira kuti aliyense adzayamba wanunkhiza asanadule.

Kuwonjezera apo, mbewu ziwirizi sizimvana pa nkhani ya madzi. Kwawo kwa maluwa amenewa ndi kumapiri a ku Turkey, Iran ndi Caucasus, kumene nthawi yozizira kumagwa chipale chofewa ndipo nthawi yotentha kumauma gwa. Kamutu kamafuna kuzizidwa kwambiri kuti katulutse duwa, kenaka kamafuna kugona m'dothi louma miyezi yonse yotentha. Kwathu kuno zinthu n'zotembenuka, chifukwa mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, nyengo yomwe kumakhala kotentha, ndipo ife a ku Mulanje ndi ku Thyolo timalandiranso chiperoni mu Juni ndi Julaye. Kamutu kotere mukakasiya pabedi limene mukuthirira tsiku ndi tsiku, kadzaola mvula ya Januwale isanathe.

Ndiye timituto mutibzale m'miphika ya maluwa kapena m'zidebe zimene mwaboola pansi. Musanabzale, mutiike m'kathumba ka pepala ndi kutisunga m'furiji kwa masabata 10 kapena 12, osati m'mbali youmitsa madzi ija, ndiponso kutali ndi zipatso ngati nthochi ndi mapeyala, chifukwa mpweya umene zipatso zakupsa zimatulutsa umawononga duwa lili m'kati mwa kamutu. Pakathumbapo mulembepo mooneka bwino kuti si anyezi. Mukatiika m'furiji mu Malichi, mudzabzala kumayambiriro kwa Juni kuzizira kutayamba. Dothi lake musakanize ndi mchenga wokhakhala wa kumtsinje, theka ndi theka, ndipo kamutu kalowe pansi masentimita 8 mpaka 10, nsonga itayang'ana kumwamba. Duwa lake limatalika masentimita 10 mpaka 15 okha, limakhala la buluu kapena lofiirira ndi kadontho kachikasu pamlomo, ndipo silikhalitsa. Likafota musadule masamba, ngakhale atatalika n'kumaoneka osalongosoka, pakuti ndiwo akudyetsa kamutu. Akauma okha, musiye kuthirira ndipo mphikawo muuike pakhonde pamene mvula sifika.

Ndinene mosabisa kuti chaka choyamba mwina mudzaona maluwa, koma chaka chachiwiri musayembekezere zambiri, chifukwa kumalo otentha kamutu kamakonda kugawikana kukhala tiana tambirimbiri tosatulutsa duwa. Kuzizira kumene maluwa amenewa amafuna kuno kumapezeka pamwamba pa phiri basi, kufupi ndi Sapitwa, osati kumunsi kuno kumene timalima. Ngati mukufuna maluwa ofanana ndi amenewa oti akhale pabwalo zaka zambiri, funsani kwa ogulitsa mbande za maluwa za mtundu wotchedwa Dietes, umene kwawo ndi kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa konkuno. Umenewo umapirira mvula ndi dzuwa lomwe, koma nawonso muubzale kutali ndi ndiwo.

Tsopano za anyezi, amene ine ndikuona kuti ndiye woyenera kupatsidwa bedi lonselo. Anyezi wamasamba weniweni sapanga mutu waukulu ayi, amangophukira m'mbali n'kukhala tsinde la mitengo yambiri, ndipo ubwino wake ndi wakuti simugulanso mbewu chaka ndi chaka. Mukapita ku msika wa Bvumbwe kapena wa ku Luchenza komweko, musankhe mtolo umene uli ndi mizu yake. Masamba mudyere ndiwo, koma kumunsi koyera kuja musiyeko masentimita 3 kapena 4 pamodzi ndi mizu, ndipo mubzale tsiku lomwelo motalikanitsa masentimita 10. Pasanathe sabata mudzaona timasamba tatsopano tikutuluka pakati. Mukafuna kufesa njere, muonetsetse kuti ndi zatsopano, popeza njere za anyezi zikapitirira chaka zambiri sizimera. Zifesedwe mosazamitsa, sentimita imodzi yokha, m'mizere yotalikana masentimita 20, ndipo zimamera pakatha sabata imodzi kapena awiri.

Nkhani ya dothi ndiyo ambiri amaiphonya kuno kwathu. Katondo wathu wofiirayu ndi wowawasa, n'chifukwa chake tiyi amakondwa naye, koma anyezi sakondwa ndi dothi lowawasa kwambiri. Pokonza bedi muthire manyowa owolerana bwino a mbuzi kapena a nkhuku, ndipo muwazepo phulusa la nkhuni pang'ono n'kulisakaniza ndi dothi masabata awiri musanabzale. Manyowa aawisi amatentha mizu, choncho musawafulumirire. Bedi likhale lokwera ndithu, makamaka nthawi ya dzinja, kuti madzi asadikhe. Mizu ya anyezi siipita pansi kwenikweni, ndiye imafuna chinyezi chosalekeza koma osati matope, ndiponso udzu muzizula ndi manja, chifukwa khasu likadutsa pafupi limadula mizu. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala muziphimbira bedi ndi udzu wouma, ndipo muzithirira m'mawa, keni itatsika pansi, osanyowetsa masamba. Amene amakonda kumunsi koyera kuti kukhale kwakutali amakokera dothi patsinde pang'onopang'ono pamene anyezi akukula.

Matenda ake amatsata nyengo. Kukakhala chiperoni kapena mvula yosalekeza, masamba amagwidwa ndi nkhungu kapena mawanga ofiirira olowa m'kati, ndipo nsonga zimayamba kuuma. Masamba oterewo muwadule n'kuwatentha, osawaponya pa kompositi, ndipo mupatulire kuti mphepo izidutsa. Kukatentha kumabwera tizilombo tating'onoting'ono timene alangizi a zaulimi amati thrips, timene timabisala pamene masamba agwirana ndipo timasiya timizere totuwa. Madzi a masamba a nimu osakaniza ndi sopo pang'ono amathandiza mukapopera madzulo. Vuto likakula, mukaonane ndi alangizi musanagule mankhwala, popeza anyezi ameneyu timadya masamba ake, nthawi zina osaphika n'komwe.

Pokolola musazule tsinde lonse. Muzidula masamba akunja okhaokha, kapena muzigawa tsindelo, kutengako theka n'kukwirira lotsalalo. Tsinde likathithikana kwambiri mulizule, muligawe mitengo iwiriiwiri kapena itatuitatu, ndipo mukaliwokere pabedi lina pamene sipanabzalidwe anyezi kapena adyo posachedwa, kuti matenda asamangirire m'dothi. Munditumizirenso chithunzi cha pepala limene linabwera ndi timitu ta maluwato, ndione ngati ogulitsa anatiziziritsa kale, chifukwa ngati anatero simufunikanso kutiika m'furiji.