Kuika Magetsi M'kandege Kapulasitiki

FUNSO: Akonzi, mlongo wanga amene amakhala ku Johannesburg ananditumizira kandege kapulasitiki kolumikiza pamanja, ka mtundu wa Boeing 747-8, kopangidwa ndi kampani ya Revell pa muyeso wa 1:144, kutanthauza kuti ndege yeniyeni ndi yaitali maulendo 144 kuposa kandegeka. Ndikufuna kuti kaziyaka magetsi kunsonga za mapiko ndi m'mazenera monga ndege yeniyeni usiku. Mnzanga atayesa pa kake, thupi lonse linkawala ngati nyali, ndipo timagetsi tina tinapsa tsiku lomwelo. Kodi ndipewe bwanji zimenezi? Wowerenga wa ku Zomba.

YANKHO: Mwachita bwino kufunsa musanatsegule guluu, chifukwa ntchito yonse ya magetsi imachitika zidutswa zikadali padera. Mukangomata mbali yapamwamba ndi yapansi ya phiko, simudzapezanso polowetsa waya popanda kuswa zomwe mwamata.

Timagetsi ta mnzanuyo tiyenera kuti tinapsa chifukwa cholumikizidwa ku batire popanda kachipangizo kochepetsa mphamvu kotchedwa resistor. Kagetsi ka LED kofiira kamafuna pafupifupi 2 volts, koyera pafupifupi 3 volts, ndipo tambiri sitipirira mphamvu yopitirira 20 milliamps. Ngati mugwiritsa ntchito chaja ya foni, yomwe imatulutsa 5 volts, chotsani mavolts a kagetsiko pa 5, kenaka zotsalazo muzigawe ndi 0.02 (ndiwo 20 milliamps aja powerengera mu ma amps). Mupeza kuti pafunika resistor ya 150 ohms pa kofiira ndi 100 ohms pa koyera, ndipo amenewa ndi malire amene simuyenera kutsika pansi pake. Ine ndingakulangizeni kuti muike resistor ya 470 kapena 1,000 ohms, chifukwa pa kandege kamene mapiko ake sakufika theka la mita, kuwala kwamphamvu kumaphimba luso lonse la penti, pomwe kuwala kozimirira ndiko kumaoneka ngati kwa ndege yeniyeni. Kagetsi kalikonse kakhale ndi resistor yakeyake, ndipo mukumbukire kuti mwendo wautali wa LED ndiwo umapita ku positive. Zipangizo zimenezi mukhoza kufunsa kwa okonza mawailesi ndi mafoni.

Vuto la thupi lowala ndi limene ndikufuna muliganizire kwambiri, pakuti ndilo limaononga ntchito za anthu ambiri. Pulasitiki ya tindege timeneti ndi yopyapyala, makamaka yoyera, moti kuwala kumadutsa ngakhale kunja mwapaka penti. Pakani penti yakuda m'kati mwa thupi ndi mapiko kawiri kapena katatu, iume, kenaka mulowe m'chipinda chamdima ndi kuunika chidutswa chilichonse ndi tochi kuchokera m'kati. Paliponse pamene paoneka kuwala, bwerezanipo penti. Mukakhutira, pakani penti yoyera pamwamba pa yakudayo kuti kuwala kuzifalikira mofanana m'mazenera onse, osaunjikana pafupi ndi kagetsi. M'mphepete momatira musapakemo, chifukwa guluu wa pulasitiki amagwira posungunula pulasitikiyo ndipo penti imamulepheretsa. Mukadzamata, mizere yolumikizirayo muitseke ndi phala lotsekera ming'alu, popeza kuwala kumakonda kutulukira pamenepo.

Kunsonga za mapiko, malamulo a ndege padziko lonse amafuna getsi lofiira kuphiko lamanzere, lobiriwira kuphiko lamanja ndi loyera loyang'ana kumbuyo, manzere ndi manja kukhala a woyendetsa atakhala pampando wake. Nsongazi n'zopyapyala kwambiri moti LED wamba ya mamilimita 3 singalowemo. Mungagule timagetsi tating'onoting'ono ta SMD tobwera ndi mawaya ake kale, kapena muike LED m'thupi la ndege ndi kutengera kuwala kwake kunsonga kudzera m'ulusi woonekera wodutsitsa kuwala wotchedwa fibre optic, mutasema kanjira m'kati mwa phiko ndi kampeni. Ulusiwu musaumate ndi super glue, chifukwa amauumitsa mpaka kuthyoka. Guluu woyera wa akalipentala ndiye woyenera.

Powotcherera mawaya, chitirani patali ndi kandegeko, pakuti chitsulo chotentha chikangokhudza pulasitiki chimasiya dzenje losakonzeka, ndipo polumikizira paliponse mukulungepo tepi kuti mawaya asakhudzane. Batire musaitsekere m'kati mwa thupi, chifukwa ikadzatha mudzasowa poitulutsira. Tulutsani mawaya awiri kudzera m'kabowo kapansi pa mimba ya ndege, adutse m'kamtengo koimikirapo kandegeko mpaka pa switch ndi chaja kapena batire. Musanamate chidutswa chilichonse, yatsani magetsi onse kwa ola lathunthu ndi kukhudza ma resistor ndi chala kuti mumve ngati akutentha, ndipo mubwereze kuyesa kumeneku nthawi iliyonse mukamata chidutswa chatsopano, kufikira mutatseka thupi.