Musanagule mapuleti, yambani mwaona kebulo ndi oyilo

Achimwene, mwati Honda CG125 imene anakusiyirani bambo anu ikumalira kwambiri koma osathamanga mukakweza matumba awiri a mpunga kuchokera ku Lifuwu, ndipo makaniko wina wakuuzani kuti mapuleti a kilatchi atha, mugule ena. Mwina akunena zoona. Koma ndalamayo musaitulutse kaye, chifukwa kilatchi imatha kuterereka mapuleti ali abwinobwino, ndipo zoyambitsa zake ziwiri, kebulo ndi oyilo, mungazione nokha pakhomo osamasula injini.

Choyamba tsimikizani kuti ndi kilatchidi. Injini ikatentha, pezani malo oongoka ngati pamsewu wa ku Senga Bay, lowetsani giya yomaliza mukuyenda pang'onopang'ono, kenako muwonjezere moto mwamphamvu. Kilatchi yabwino imapangitsa kuti kulira kwa injini ndi liwiro zikwerere limodzi, ngakhale mochedwa. Ikakhala yoterereka, injini imakuwa yokha, liwiro n'kumabwera pambuyo. Onaninso tcheni ndi masiporoketi (timagudumu ta mano timene tcheni imayendapo), poti mano akatha tcheni imalumpha ndipo ena amasokoneza zimenezi ndi kilatchi, ngakhale kuti kulumpha kwa tcheni kumamveka kugogoda pomwe kuterereka kulibe phokoso lotero. Pa njinga zina zakale kiki imadutsira mu kilatchi momwemo, ndiye mukamaponda kiki n'kumangotsika mofewa osazunguza injini bwino, chimenecho ndi chizindikiro chinanso.

Tsopano gwirani liva ya kilatchi ndi chala chimodzi, muikoke pang'ono. Payenera kukhala kampata kamene liva imayenda yopepuka isanayambe kulemera. Pa CG125 kampata kameneka ndi mamilimita 10 mpaka 20 mukayeza kunsonga kwa liva. Apa ndi pamene ndikukayikira kwambiri pa njinga yanuyo. Mapuleti akamadyeka pang'onopang'ono, zitsulo za mkati zimasendera kufupi ndi kachitsulo kokankha, ndipo kampatako kamachepa mpaka kutheratu. Kakatha, kebulo imakhala ikukoka kilatchi nthawi zonse ngakhale dzanja lanu lili kutali, masipiring'i amalephera kufinya mapuleti mokwanira, basi kuterereka kwayamba. Anzathu ambiri a kabaza amakonda liva yolimba, amati ndiye njinga ili bwino, n'kumangitsa kebulo mpaka kampata konse kutha. Akuwotcha mapuleti awo ndi manja awo omwe.

Kukonza kwake n'kwa mphindi zochepa. Kebulo ili ndi posinthira pawiri: kumtunda pafupi ndi liva pali kagudumu kotembenuza ndi zala, kumunsi pambali pa injini kudzanja lamanja pali manati awiri ofuna sipanala. Masulani kagudumu ka kumtunda, mulowetse chosinthiracho mkati mpaka chitsale pang'ono kufika kumapeto. Kenako pitani kumunsi, musunthe manati aja mpaka kampata kafike pafupi ndi muyezo, mumange. Zotsalazo mumalizire kumtunda. Mukatero tembenuzani mahandulo mpaka kumapeto kumanzere ndi kumanja mukugwiragwira liva. Kampata kakasintha kapena kutha mbali imodzi, ndiye kuti kebulo inadutsitsidwa molakwika kapena yapanikizika pansi pa thanki.

Kebuloyo muiyang'anitsitse, makamaka pamene imatulukira pa liva. Njinga za kuno kunyanja zimadya mchenga ndi chinyezi, ndipo kebulo ikachita dzimbiri mkati siibwerera yonse mukasiya liva. Mukaona timawaya tiwiri titatu taduka n'kuimirira ngati ndevu, musaidikire, sinthani. Ngati ndi yonse koma yolimba, ichotseni, muipachike, mudonthezeremo oyilo mpaka atulukire kumunsi.

Choyambitsa chachiwiri ndi oyilo, ndipo funso limeneli mudziyankhe moona: munathiramo wanji ulendo watha? Kilatchi ya CG imasambira mu oyilo yemweyo wa injini. Oyilo wina wa galimoto amakhala ndi mankhwala oterereretsa kuti galimoto isamwe mafuta ambiri, ndipo amenewo akalowerera m'mapuleti a faiba (mapuleti alipo a mitundu iwiri, a faiba ndi achitsulo) kilatchi imasiya kugwira. Gulani wa njinga zamoto, wolembedwa 4T ndi JASO MA kapena MA2 pabotolo. Wa m'mabotolo a madzi wogulitsidwa m'mbali mwa msewu, amene simukudziwa kuti wachokera mu chiyani, ine sindingakulangizeni ngakhale atatchipa bwanji. Ngati wolakwikayo sanakhalitsemo, kukhetsa n'kuthira woyenera nthawi zina kumabweza kilatchi, mwina pambuyo pomusintha kawiri. Ngati wakhalitsa, mapuleti amakhala atamumwa kale.

Mwatchulanso kuti m'mawa giya yoyamba imalowa ndi kugunda. Kugunda kamodzi injini ili yozizira si vuto, mapuleti amamatirirana ndi oyilo usiku. Vuto ndi pamene injini yatentha, mwakoka liva yonse, koma njinga ikufunabe kuyenda, kapena nyutulo ikuvuta kuipeza mutaima. Kumeneko ndi kusalekana kwa mapuleti, kosiyana ndi kuterereka, ndipo kumabwera ndi kampata kochuluka, mapuleti achitsulo opindika, kapena basiketi (chigoba chimene mapuleti amakhalamo) yokumbika. Njinga imodzi ikhoza kukhala ndi matenda onse awiri, makamaka ngati inawotchedwapo kilatchi mpaka zitsulo kupindika.

Mukachita zonsezi njinga n'kumatererekabe, pamenepo ndiye tsegulani, koma mukhalepo nokha potsegulapo. Oyilo akhetsedwe, chivundikiro cha kumanja chichotsedwe, ndipo gasiketi yatsopano (chipepala chotseka m'mphepete mwa chivundikirocho kuti oyilo asatuluke) mukhale mutagula kale chifukwa yakaleyo kawirikawiri imang'ambika. Pa injini zimenezi pali kasefa ka oyilo kozungulira kumapeto kwa kirankishafuti (chitsulo chachikulu chimene chimazungulira mkati mwa injini), kamene kamatchinga kilatchi, ndipo nati yake imafuna soketi yakeyake ya mano anayi. Musalole munthu aimenye ndi tchizulo ndi hamala. Poti katsegulidwa kale, kakokoloreni matope akuda amene amaunjikana mkatimo, ambiri sadziwa n'komwe kuti kamafuna kutsukidwa. Mabawuti anayi a masipiring'i amasulidwe pang'onopang'ono mopingasa, osati limodzi mpaka kutheratu ena akadali omanga.

Mapuleti asaweruzidwe ndi maso okha. Pemphani vaniya, chipangizo choyezera kunenepa kwa zinthu. Puleti ya faiba yatsopano imakhala pafupifupi mamilimita 3, ndipo ikafika 2.6 yatha. Kusiyana kwake n'kochepa kwambiri moti maso sangakuone, n'chifukwa chake ena amataya mapuleti abwino, ena n'kubwezera otha. Anunkhizeninso: opsa amanunkha, amada, ndipo pamwamba pake pamanyezimira. Oterowo ngotaya ngakhale akadali onenepa. Achitsulo muwagoneke pa galasi lathyathyathya, mudine ndi chala m'mbali mozungulira. Yogwedera kapena yolola kachitsulo koyezera ka mamilimita 0.2 kulowa pansi pake ndi yopindika. Yosanduka yabuluu inapsa.

Masipiring'i ndiwo amaiwalika kwambiri. CG125 inayamba kupangidwa cha m'ma 1975, ndipo ngati yanuyo ili ya zaka makumi angapo, n'kutheka kuti ake sanasinthidwepo. Amafupika ndi kutentha ndi ukalamba, ndiye mapuleti atsopano pa masipiring'i otopa amayambanso kuterereka posachedwa. Imikani akalewo pambali pa atsopano, mukaona kuti afupika sinthani onse anayi. Njira yoika mawashala pansi pake ikhoza kukufikitsani kunyumba kuchokera ku Chipoka, koma si yokhala nayo, imalemetsa liva n'kudula kebulo. Pa basiketi, yendetsani chikhadabo m'mbali mwa mipata momwe makutu a mapuleti amakhala. Timaenje tosaya tingasalazidwe pang'ono ndi fayilo, takuya ndiye basiketi yatha.

Atsopanowo muwaviike mu oyilo wa injini kwa maola angapo musanawaike, ndipo mabawuti anayi aja asamangidwe mwankhanza chifukwa timizati take ndi ta aluminiyamu, timathyoka. Mukatseka muyezenso kampata ka liva, n'kudzakayezanso pakatha masiku angapo poti mapuleti atsopano amakhazikika.

Pa nkhani ya katunduyo, injini ya 125 ndi yaing'ono, ndipo matumba awiri kuphatikiza inuyo ndi ntchito yaikulu kwa iyo. Chimene chimapha kilatchi msanga ndi kuyenda mutagwira liva theka mu mchenga wa kumadoko kapena pokwera mtunda wa ku Mvera. Tsitsani giya msanga, musiye liva yonse, injini ikoke yokha. Mukaima kudikira wokwera, bwezani ku nyutulo m'malo mongofinya liva. Mukayeza kampata kaja ndi kuona botolo la oyilo amene munathira, mulembe pano zimene mwapeza, ndikuuzani ngati kutsegula kukufunikadi.