Magnum yoyamba: Python, 686 kapena Model 29?

Kalata yafika kuchokera kwa m'bale wina yemwe akukhala ku Texas, m'dziko la America. Ali kale ndi pistol ya 9mm, revolver yaing'ono ya .22 ndi shotgun, zonse zogula motsata lamulo, ndipo tsopano mtima wake uli pa magnum, revolver ya zipolopolo zamphamvu kwambiri. Wafunsa motere: "Nditenge Colt Python, Smith & Wesson 686 kapena Model 29 ya .44? Ndikufuna mfuti yoti ndiziwombera mwa apo ndi apo ku range, malo ophunzirira kuwombera, komanso yoti mtengo wake usamagwe."

Achimwene, mwapempha zinthu ziwiri zomwe sizikonda kuyendera limodzi. Mfuti yomwe mtengo wake umakwera ndi yakale, yosakhudzidwakhudzidwa, yokhala ndi bokosi lake ndi mapepala ake. Mfuti yowombera Loweruka lililonse imakalipa, imachita mzere kuzungulira silinda (kachigubu kozungulira kolowetsamo zipolopolo), ndipo wogula wa mawa adzaona zonsezo. Paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Yambani mwasankha chomwe chili patsogolo, ndipo poti iyi ndi magnum yanu yoyamba, ine ndikuti ikhale ya .357.

Chifukwa chake chili m'zipolopolo. Chipolopolo cha .357 Magnum ndi cha .38 Special n'zofanana kunenepa kwake. Chosiyana ndi case, kachitini kamkuwa kosunga onga: ka .357 ndi kotalika mainchi 1.29 pomwe ka .38 ndi 1.155. Anakatalikitsa dala mu 1935 kuti munthu asalowetse chipolopolo champhamvu m'mfuti zakale za .38, chifukwa mphamvu ya mpweya mkati mwa .357 imafika 35,000 psi, kuwirikiza kawiri 17,000 psi ya .38 Special. Ndiye kuti revolver ya .357 imalandira mitundu yonse iwiri. Mukhoza kuphunzira ndi .38 yotsika mtengo, yosapweteka dzanja, n'kumaika magnum pamene mwafuna. Mukatero muzitsuka mabowo a silinda bwinobwino, chifukwa .38 imasiya mkombero wa mwaye kutsogolo kwa bowo, ndipo case yaitali ya .357 imakakamira pamkomberowo n'kuvuta kutuluka.

Nayo .44 Magnum imalandira .44 Special, koma .44 Special sipezeka m'sitolo iliyonse ndipo si yotchipa. Model 29 inatuluka pakati pa zaka za m'ma 1950, ndipo inadzatchuka kwambiri filimu ya Dirty Harry itatuluka mu 1971. Anthu ambiri anaigula chifukwa cha filimuyo, kuwombera zipolopolo zochepa, n'kuiika m'kabati. N'chifukwa chake ma 29 akale ooneka ngati atsopano sasowa. Chipolopolo cha magreni 240 (greni ndi muyeso wa kulemera kwa chipolopolo) chimakankha dzanja mwamphamvu, ndipo munthu wosazolowera amayamba kutsinzina ndi kugwetsa mphuno ya mfuti asanawombe n'komwe. Chizolowezi chimenechi chikalowa chimavuta kuchichotsa, ndipo chimakutsatirani mpaka pa 9mm yanu ija. Model 29 ikhale yachiwiri kapena yachitatu. Za .454 Casull ndi .500 S&W tisatayirepo nthawi lero.

Tsono pa .357 pomwepo, Smith & Wesson ili ndi misinkhu ingapo ya frame, thupi lachitsulo logwira mpope ndi silinda, ndipo apa ndi pomwe ogula ambiri amasokonezeka. Wamkulu ndi N, womwe ndi wa Model 27, mdzukulu wa Registered Magnum ya mu 1935 yomwe yoyamba yake inaperekedwa kwa J. Edgar Hoover, yemwe anali mkulu wa bungwe lofufuza milandu la FBI ku America. Model 27 mudzaizindikira ndi timizere topingasana pamwamba pa frame ndi pa mpope. Mng'ono wake wosakongoletsedwa ndi Model 28 Highway Patrolman, ya mu 1954: mkati n'chimodzimodzi, koma kunja siwala, ndipo mtengo wake ndi wotsika. Wocheperapo ndi K, wa Model 19 Combat Magnum ya mu 1955, yomwe anailimbikitsa Bill Jordan wa ku Border Patrol, gulu lolondera malire a America, pofuna mfuti yopepuka yoyenda nayo tsiku lonse. Imakhala bwino m'manja kuposa zonse, koma ili ndi pofooka. Kumbuyo kwa mpope, pomwe chipolopolo chimalowera chikachoka m'silinda, amapatcha forcing cone. Pa Model 19 zakale, kunsi kwa forcing cone anakusema kuti silinda izitha kutsekeka, choncho chitsulo chake n'chopyapyala pamenepo. Zipolopolo zopepuka zothamanga kwambiri, makamaka za magreni 125, zimapsereza malowo mpaka kung'aluka. Ikang'aluka ndiye kuti mpope wonse watha, ndipo mipope yakale yoteroyo ndi yosowa. Wokhala ndi Model 19 aziwombera .38, ndipo akafuna magnum atenge ya magreni 158.

Vuto limenelo ndi lomwe linabala frame ya L kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980: Model 586 yachitsulo chakuda ndi 686 ya stainless. Chogwirira ndi cha msinkhu wa K, koma pozungulira mpope pali chitsulo chokwanira. Ya mpope wa mainchi 4 imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi magalamu 100, ndipo kulemera kumeneko kumameza kukankha kwa chipolopolo. Ngati kuwombera kuli patsogolo, yankho lanu ndi 686. Simunaitchule Ruger GP100, koma iyikeni pambali pa 686 m'sitolo muzigwire zonse. Ilibe chivundikiro cham'mbali chomanga ndi masikuluwu ngati Smith, silinda yake imakhomedwa m'malo atatu, ndipo imapirira nkhanza. Trigger yake ikakhala yatsopano siyifewa ngati ya Smith, ndipo osonkhanitsa mfuti saithamangira, choncho musayembekeze phindu pogulitsa.

Python ndi nkhani ina. Inayamba mu 1955, inasiya kupangidwa mu 2005, n'kubwereranso mu 2020. Zakale zija, zamtundu wakuda wowala wotchedwa Royal Blue, zinkalumikizidwa ndi manja, kachitsulo kalikonse kupalidwa kuti kagwirizane ndi kanzake. Ubwino wake uli pomwepo, tsoka lake lilinso pomwepo. Kachitsulo kotembenuza silinda, kotchedwa hand, kamatha msanga poyerekeza ndi ka Smith, ndipo amisiri odziwa kukonza Colt zakale atsala ochepa. Python ya mu 2020 ili ndi mkati mosavuta komanso chitsulo chochuluka pamwamba pa frame, ndipo ndi yabwino kuwombera. Koma ikupangidwabe, ndipo chinthu chomwe fakitale ikutulutsa tsiku ndi tsiku sichikwera mtengo. Python yakale yakwera kale kwambiri, moti wogula lero akulipirira phindu la anzake omwe anagula zaka 20 zapitazo.

Ngati mtima uli pa kusunga, ine ndingaloze Model 27-2 kapena 19-3. Nambala yotsatira kamzereko imasonyeza kusintha komwe fakitale inachita, ndipo mudzaiona mukatsegula silinda, yodindidwa pa frame pomwe pamabisika ndi mkono wonyamula silindayo. Osonkhanitsa amafuna zomwe amati pinned and recessed: pali kamsomali kopingasa kogwira mpope pa frame, ndipo mabowo a silinda ndi okumbidwa kuti mkombero wa case uzilowa wonse. Smith inasiya zonse ziwiri cha m'ma 1982. Zopangidwa kuyambira cha m'ma 2001 zambiri zili ndi kabowo ka kiyi pamwamba pa chotsegulira silinda, ndipo osonkhanitsa ambiri amakanyansidwa nako. Pa 686 yopanda nambala yotsatira kapena 686-1, yang'anani chilembo M chodindidwa pafupi ndi nambala ya model. Chimasonyeza kuti mfutiyo inabwerera kukakonzedwa pa vuto la silinda kukakamira, lomwe kampaniyo inalengeza mu 1987.

Dzina la mfuti silikuuzani za mfuti yomwe ili patebulo pamaso panu. Pitani ndi tochi ndi feeler gauge, timapepala tachitsulo tija amakanika amayezera mpata wa mavavu. Tsegulani silinda, onani ndi maso kuti mabowo onse alibe kanthu, ndipo pemphani chilolezo kwa mwini musanakoke hammer, kanyundo kakumbuyo koombetsa chipolopolo.

Yambani ndi timing, kutanthauza kuona ngati silinda ikukhomeka pa nthawi yake. Kokani hammer pang'onopang'ono kwambiri, bowo lililonse palokha, kasanu ndi kamodzi. Pa Smith ndi Ruger muyenera kumva kuti "tche", kachitsulo kapansi kakulowa m'kamphako ka silinda, hammer isanafike kumapeto. Hammer ikafika koma silinda n'kufunabe kuikankha ndi chala kuti ikhomeke, bowo ndi mpope sizikuyang'anana, ndipo mfuti yotero imameta chipolopolo n'kulavulira tizidutswa ta mtovu m'mbali. Colt yakale imakhomeka mochedwerapo, koma mukakoka trigger n'kuigwira osaisiya, silinda iyenera kuuma gwa. Pa Smith kugwedera pang'ono cham'mbali si vuto.

Kenako mpata wa pakati pa silinda ndi mpope. Woyenera ndi mainchi 0.004 mpaka 0.008. Ukachepa, mwaye umadzaza ndipo silinda imayamba kukhula ikatentha. Ukakula, mphamvu imathawira pamenepo. Yezani kawiri: koyamba mutakankhira silinda kutsogolo, kachiwiri mutaikokera kumbuyo. Kusiyana kwa miyezo iwiriyo ndiye endshake, ndipo kukapitirira 0.005 ndiye kuti mfutiyo yadya magnum zambiri. Zimakonzeka ndi timawashala topyapyala, koma mtengo utsike. Mpata womwewu ndi chifukwa chake chala sichiyenera kufika kutsogolo kwa silinda powombera, poti moto wotuluka pamenepo umadula mnofu.

Walitsani tochi pa forcing cone, makamaka kunsi, kufuna mng'alu. Pamwamba pake, pansi pa mtanda wa frame, pamakhala kamzere kopserera ndi moto. Kakang'ono n'kachibadwa, koma kakuya koti chikhadabo n'kukodwa kakukuuzani mbiri ya mfutiyo. Zungulitsani silinda ili chotsegula muone ngati ndodo yotulutsira ma case ikuvina. Imapindika chifukwa cha anthu otseka silinda moikutumula ndi dzanja limodzi ngati m'mafilimu. Kokani hammer mpaka kumapeto, kenako ikankheni pang'ono ndi chala chachikulu osakhudza trigger. Ikagwa, wina anapala zamkati pofuna kufewetsa trigger, ndipo mfuti imeneyo ndi yoopsa. Mitu ya masikuluwu yophwanyika ndi umboni wina woti munalowa munthu wosadziwa.

Kwa wosonkhanitsa, mfuti yomwe chitsulo chake chinapatsidwanso mtundu wakuda kachiwiri yataya gawo lalikulu la mtengo wake ngakhale iwale bwanji. Mudzaidziwa ndi zilembo zosazama, chizindikiro cha kampani chofufutika, ndi ngodya zomwe zinayenera kukhala zakuthwa koma zaundana. Zogwirira zamtengo zoyambirira nazo ndi ndalama. Wogulitsa akakhala kuti anaikapo za labala, funsani ngati zakale zija akadali nazo.

Za lamulo mwachidule: mukaipeza pa intaneti kwa wogulitsa wa state ina, iyenera kutumizidwa kwa dealer wa ku Texas wokhala ndi FFL, chiphaso cha boma chogulitsira mfuti, komwe mukadzaze Form 4473, fomu ya boma yogulira mfuti. Mfuti yomwe yakwanitsa zaka 50 imawerengedwa ngati curio and relic, kutanthauza mfuti yakale ya osonkhanitsa, ndipo ma 27-2 ndi ma 19-3 ambiri alowa kale m'gulu limeneli. Owerenga a ku South Africa, kumeneko chiphaso cha wosonkhanitsa chili pa gawo 17 la Firearms Control Act ya 2000, ndipo chimafuna kuti mukhale membala wa bungwe la osonkhanitsa lovomerezeka.

Mpope tengani wa mainchi 4 ngati mukufuna mfuti imodzi ya zonse, kapena 6 ngati ndi ya range basi. Yaifupi ya 2.5 imakongola pachithunzi, koma ndi magnum imalavula moto ndi phokoso loboola m'makutu. Mukafika nayo kunyumba musaisunge m'holster yachikopa kapena m'bokosi la siponji, chifukwa zonse ziwiri zimasunga chinyezi ndipo chitsulo chakuda chimachita dzimbiri pomwe panagwira chala. Ipukuteni ndi kansalu ka mafuta, muiike m'sefa yokhoma pamodzi ndi paketi ya silica gel, zipolopolo padera, ndipo bokosi lake lakatoni mulisunge pouma.