Mafunso a alimi: kaboni, zitsa ndi madambo a mu Harare

Bambo wina wa ku Mabvuku wafunsa kuti: "Pa wailesi akuti mitengo ya mangrove imasunga kaboni ndipo ena akupezerapo ndalama. Kodi ingamere kuno?"

Ayi bambo, kuno siingamere. Mitengoyi ndi ya m'mphepete mwa nyanja yamchere, m'matope amene madzi amakwera ndi kutsika tsiku lililonse, monga ku Beira ndi kumene mtsinje wa Zambezi umathirira m'nyanja ku Mozambique. Imateteza gombe ku mafunde, ndipo tinsomba timakulira pakati pa mizu yake. Koma mumvetse kumene kaboni wakeyo amakhala. Mtengo uliwonse umakoka mpweya wa kaboni n'kupangira thunthu, mizu ndi masamba, moti pafupifupi theka la kulemera kwa nkhuni youma ndi kaboni. Kwa mangrove, masamba akagwa nkhanu zimawakokera m'mauna mwawo, ndipo poti m'matopemo mulibe mpweya wokwanira wowoletsa zinthu, amakhala momwemo zaka mazana. N'chifukwa chake hekitala imodzi ya mangrove imasunga kaboni woposa wa nkhalango ya kumtunda, wochuluka ali pansi.

Ife kuno tili ndi madambo, ndipo dothi lake lakuda lija limagwira ntchito yofananako. Mayi wina wa ku Epworth wafunsa ngati angalime chimanga m'dambo poti malo ndi osowa. Mayi, vuto la malo ndikulidziwa, ndipo sindikulipeputsa. Komabe dambo mukalitipula ndi kukumba ngalande, dothi limauma, manyowa amene anasonkhana kwa zaka zambiri amatha msanga, kaboni n'kubwerera m'mlengalenga. Zaka zoyamba chimanga chimachita bwino, kenako dothi limasanduka louma gwa. Madambo omwewa ndi amene amasefa madzi opita ku mitsinje ya Mukuvisi, Marimba ndi Manyame mpaka ku Lake Chivero, kumene mzinda umatunga madzi akumwa. Mu 2013 dambo la Monavale, Cleveland Dam komanso nyanja za Chivero ndi Manyame zinaikidwa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse. Lamulo limaletsanso kulima mkati mwa mamita 30 kuchokera m'mbali mwa mtsinje, ndipo a EMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, amalipiritsa chindapusa. Limani kumtunda, ngakhale pochepa, m'mapando ophimbira ndi mapesi.

Funso limene landikhudza kwambiri ndi la agogo ena olima fodya cha ku Goromonzi. Akuti anadula mitengo ya miombo ya musasa ndi munondo yowotchera fodya, anabzala bulugamu, koma bowa wa ndelema uja sakumeranso.

Agogo, bowa ameneyo amakhala pa mizu ya mitengo yachilengedweyo. Ulusi wake woyera umakulunga timizu ting'onoting'ono pansi, n'kumapatsa mtengo madzi ndi michere ya m'dothi, mtengo n'kumaupatsa shuga. Mvula yoyamba ikagwa mukafukule pang'ono masamba owola patsinde pa musasa, mudzauona ulusiwo. Mtengo ukachoka ndi mizu yake, ndelema amapita nawo. Amapitanso matondo odya masamba, njuchi zimasowa maluwa, ndipo mileme ndi anyani zimene zimamwaza njere za masuku ndi zipatso zina zimasamuka. Bulugamu sindikumunyoza, amakula msanga ndipo ndi woyenera mu balani. Mubzaleni pamalo pakepake, kutali ndi dambo chifukwa amamwa madzi kwambiri, kuti nkhwangwa isiye nkhalango.

Chimene ndikupemphani n'chakuti musazule zitsa. Miombo imachedwa kwambiri ikamera kuchokera ku njere, koma chitsa chili kale ndi mizu yozama yamoyo, ndipo kaboni wambiri ali momwemo. Chikaphukira, sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka, zina zonse muzisadze n'kukhala nkhuni za pakhomo. Tetezani ku mbuzi zaka zoyambirira. Adani aakulu ndi moto wa mwezi wa Seputembala ndi Okutobala, udzu utauma, umene umapha mphukira zonse tsiku limodzi. Lambulani njira yotchinga moto ya mamita 9 m'lifupi nyengo ya moto isanayambe.

Za ndalama za kaboni, bambo a ku Mabvuku, boma linakhazikitsa malamulo a malonda amenewa mu 2023, ndipo ntchito zake zimafuna malo aakulu, kalembera ndi akatswiri oyeza. Wina akabwera ndi mapepala akulonjeza madola pa mitengo yanu khumi, musasaine musanafunse a Forestry Commission, bungwe la boma loona za nkhalango, kapena mlangizi wa zaulimi wa Agritex wa dera lanu. Amene mukufuna mbande za msuku, mthethe kapena bulugamu, kafunseni ku Forestry Commission mvula isanayambe, kuti maenje akhale okonzeka pofika Loweruka loyamba la Disembala, tsiku lobzala mitengo m'dziko muno.